Belu Lomaliza Likalira pa HHI

Ukatsika basi pa Wenela mumzinda wa Blantyre n'kuyamba kukwera ndi msewu wa ku Chileka, phokoso la oitanira maminibasi limakutsata kwa kanthawi, kenaka limatsalira m'mbuyo. Mitengo ikuluikulu imayamba kuoneka, ndipo pakati pake pamatulukira nsanja za njerwa zofiira za tchalitchi cha St Michael and All Angels. Apa ndiye pa mishoni ya Blantyre, pamene a mpingo wa Church of Scotland anakhazikika mu 1876, Henry Henderson atawapezera malo. Dzina loti Blantyre analitenga kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Sukulu yoyandikana ndi tchalitchichi, Henry Henderson Institute, imene aliyense amangoti HHI, inatsegulidwa mu 1909 pokumbukira munthu amene anasankha maloyo.

Ine ndinaphunzira pano m'zaka za m'ma 1980, Ngwazi ikadali pampando, dziko lili ndi chipani chimodzi ndi wailesi imodzi, kanema kulibe. Lero ndabwera dala masana, dzuwa litapendeka, chifukwa chimene ndikufuna si kuona ana ali m'kalasi. Ndikufuna kulondola zimene zinkachitika belu lomaliza likalira, aphunzitsi atatsekera choko m'kabati, ife n'kubalalika aliyense kupita ku kalabu yake. Zimene tinkachita maola amenewo sizinkabwera pa mayeso a JC kapena a MSCE, ndipo palibe satifiketi imene inazilemba. Koma ndikaona anzanga a nthawi ija, amene lero ndi maloya, abusa, anamwino, atolankhani ndi amalonda, ndimapeza kuti luso limene ambiri akudyera analiyambira m'maola omwewo.

Pachipata mlonda akundilonjera. "Mwaswera bwanji, bambo? Mukupita ku maofesi a sinodi kapena kusukulu?" Ndikumuuza kuti ndine mwana wakale wa pano. "Ndiye njira mukuidziwa kuposa ine," akutero akumwetulira. "Koma mukayambe mwaonekera kwa ahedi." Ndikuchita zomwezo, ndipo andilola kuyendayenda.

Tiyambire pa tchalitchi, popeza palibe mwana wa HHI amene sanalowemo. Mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo za zomangamanga, ndiye anatsogolera ntchito yomanga nyumbayi kuyambira mu 1888 mpaka mu 1891, pamodzi ndi anthu akuno amene nawonso anali asanamangepo chinthu chotere. Njerwa anaumba ndi kuotcha konkuno. Ukayandikira khoma n'kuliyang'anitsitsa umaona kuti njerwazo si za mtundu umodzi: zina n'zozungulira, zina zosongoka, zina zili ndi maluwa osema. Kuyambira kale sukulu ya pa mishoni pano sinali ya kuwerenga ndi kulemba kokha. Kunali ukalipentala, kunali dimba, kunalinso makina osindikizira mabuku kumene anagwirako ntchito Mungo Chisuse, mmodzi mwa anthu oyamba akuno kujambula zithunzi ndi kamera. Choncho mwambo woti mwana wa sukulu aziphunziranso ndi manja, ndi mawu, ndi thupi lonse, ife tinaupeza utazika kale mizu.

M'kati muno muli kazizirira kokoma, ndipo ukangotsokomola mawu amayenda mpaka kuguwa. N'chifukwa chake a kwaya ya sukulu, ngakhale ankaphunzirira nyimbo m'kalasi, ankalakalaka tsiku lodzaimbira muno. Woimbitsa kawirikawiri anali mwana wa sukulu mnzathu wa Fomu 3 kapena Fomu 4. Ankalemba zilembo za solofa pabolodi, mizere inayi, wa sopulano pamwamba, wa besi pansi. Akatero ankagogoda kachitsulo ka mphanda pabondo, n'kukaika kukhutu, n'kupatsa gulu lililonse mawu oyambira. Mnyamata wa zaka 17 ankatha kuimitsa anthu 40 ndi dzanja limodzi, n'kuuza a tena kuti atsika, abwerezenso. Panalibe wonyinyirika, chifukwa tonse tinkamva ndi makutu athu kuti akunena zoona. Ambiri a kwaya analinso a SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu limene linayamba m'dziko muno mu 1961. Kumeneko ana a sukulu ankalalikira okha, ankakonza okha ndondomeko ya mapemphero, ndipo ankasonkha matambala ogulira sopo ndi shuga pokazonda odwala kuchipatala cha Gulupu.

Kuchoka pa tchalitchi kufika kumakalasi ndi kamtunda kochepa. Ndaima pakhomo la kalasi ina yopanda anthu. Madesiki ali m'mizere, pabolodi patsala masamu osafufuta. M'chipinda chonga chino ndimo munkachitikira dibeti. Madesiki tinkawakankhira kukhoma n'kusiya atatu kutsogolo: la wapampando pakati, la ovomereza mutu kumanja, la otsutsa kumanzere. Wosunga nthawi ankakhala pambali ndi wotchi yobwereka kwa apatironi, botolo la Fanta lopanda kanthu ndi supuni. Mphindi zako zikatha, supuni inkalira pabotolo, ndipo unkayenera kukhala pansi ngakhale mawu akuthere pakamwa.

Dibeti inkachitika m'Chingerezi, monga zinalili m'masukulu a sekondale onse. Mitu yake inali yosankha mosamala. Tinkatsutsana ngati moyo wa m'tauni umaposa wa kumudzi, ngati dokotala ndi wofunika kuposa mphunzitsi, ngati sukulu za anyamata okha n'zabwino kuposa zosakaniza. Ndale sitinkazikhudza. Aliyense ankadziwa kuti mawu olankhulidwa masana ankatha kukafika kwa a Special Branch dzuwa lisanalowe. Mu 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi atafera ku Mwanza, makolo athu ankangonong'onezana kuseri, ana akalowa nkhani n'kusintha. Komabe m'chipinda muno, kwa ola limodzi pa sabata, munthu unkaloledwa kuimirira pamaso pa gulu n'kunena kuti mnzako walakwitsa, n'kupereka zifukwa zake, iye n'kukuyankha, kenaka nonse n'kutuluka mukuseka.

Tsiku lina mutu unali woti ndalama zikachepa pakhomo, makolo ayambe alipirira sukulu mwana wamwamuna. Ovomereza anali anyamata a Fomu 4 odziwa Chingerezi chotafuna, ndipo anatchula mawu aataliatali amene tonse tinaombera m'manja osawamvetsa. Itafika nthawi yoti omvera alankhulepo, anaimirira mtsikana wa Fomu 1 wochokera ku Ndirande, wamfupi, atavala juzi yomukulira. Kapepala kanali m'manja mwake kankanjenjemera moti tonse tinkakaona. Anayesa kuwerenga, mawu anakana. Ndiye anakapinda, n'kukaika m'thumba, n'kuyamba kulankhula m'Chingerezi chake chochepa. Anati bambo ake atamwalira, amene anagwira banja ndi mayi ake ogulitsa tomato pamsika, ndipo mayiwo amawerengera ndalama pa zala chifukwa makolo awo anawasiyitsa sukulu kuti mlongo wawo apitirize. Anati mlongo wawoyo anapita ku Joni ndipo sanalembepo kalata. Anafunsa ovomereza aja kuti amuuze mwa awiriwo amene anabweza ndalama za makolo. Supuni inalira pabotolo, koma panalibe amene anaimva. Poponya voti manja anakwera mbali imodzi, ndipo mmodzi mwa anyamata ovomereza aja anakweza nawo lake.

M'chipinda chomwechi tinkachitiramo chinthu china chimene phindu lake ndinadzalizindikira nditakula. Chaka chilichonse, a Fomu 4 akamayandikira mayeso, kalabu iliyonse inkasankha atsogoleri atsopano: wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi msungichuma. Ofuna mpando ankatchulidwa ndi anzawo, n'kupatsidwa mphindi zochepa zoti anene zimene adzachite. Kenaka tinkang'amba pepala la m'kope tizidutswatizidutswa, aliyense n'kulemba dzina mobisa ndi dzanja, n'kuponya m'bokosi la choko. Mavoti ankawerengedwa mokweza, mlembi akulemba timizere pabolodi, onse tikuona. Wogonja ankapita kukagwira chanza wopambana. Wapampando wakale ankapereka kope la maminitsi, msungichuma wakale n'kuwerenga pamaso pa onse ndalama zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zimene zatsala m'chitini, mpaka tambala yomaliza. Izi zinkachitika m'dziko limene mtsogoleri wake anali atalengezedwa kukhala wamuyaya kuyambira mu 1971. Pamene Amalawi anaima pamzere pa 14 June 1993 kusankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri, ndiponso pa 17 May 1994 kusankha mtsogoleri, ambiri a msinkhu wathu tinali titaonapo kale mpando ukuchoka kwa wina kupita kwa wina popanda kukhetsa mwazi. Tinaziona m'bokosi la choko.

Ndikudutsa pakhonde kulowera kumene tinkachitira zisudzo. Kalabu ya zisudzo pa HHI inali ndi ulemu wapadera, ndipo chifukwa chake chinali dzina limodzi: Du Chisiza. Dunduzu Chisiza Junior anabadwa mu 1963, patangopita miyezi yochepa bambo ake, mmodzi mwa omenyera ufulu wa dziko lino, atamwalira pa ngozi ya galimoto ku Thondwe. Ali mwana wa sukulu pano analemba ndi kutsogolera sewero lotchedwa The Deceased's Attack, limene linapambana mpikisano wa zisudzo wa masukulu m'dziko lonse mu 1982. Pambuyo pake anakaphunzira za zisudzo ku America, ndipo atabwerako anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Anadzakhalanso nduna kwa kanthawi, n'kumwalira mu 1999 akadali wamng'ono. Ife obwera m'mbuyo mwake tinapeza mbiri yake ikadali yotentha. Mwana aliyense wa m'kalabuyi ankadziwa kuti munthu wovala yunifolomu yonga yake, wokhala pa desiki longa lake, analemba sewero lakelake n'kugonjetsa nalo masukulu onse.

Mpikisanowo unkakonzedwa ndi ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Masukulu ankayamba apikisana m'zigawo, opambana n'kukakumana pa dziko lonse. Malinga ndi lamulo la mu 1968, sewero loonetsedwa pagulu linkayenera kuyamba lawerengedwa ndi a Censorship Board, amene ankatha kufufuta mizere kapena kulikana lonse. Choncho olemba masewero m'dziko muno, aakulu ndi aang'ono omwe, anaphunzira kulankhula mokuluwika. Nkhani inkaikidwa m'mudzi wa makedzana, mwa mfumu yosamva uphungu wa nduna zake, kapena m'nthano za Kalulu ndi Fisi. Oonera ankaseka, kenaka n'kuyang'anizana, aliyense n'kusunga mumtima zimene wamva.

Zipangizo tinalibe, koma sitinkadandaula. Ndikukumbukira madzulo a tsiku lina tikukonzekera kupita ku mpikisano. Mnyamata wa Fomu 2 amene ankasewera ngati gogo wa m'mudzi anakhala pa desiki, anzake awiri atamuzungulira. Wina ankapesa khonje ndi foloko kuti likhale ndevu, n'kulimata pachibwano ndi ulimbo wa ufa wa chinangwa. Wina ankamupaka phulusa kumutu, n'kumujambula makwinya pamphumi ndi khala. Atsikana ankasoka chikopa cha nyalugwe kuchokera ku chiguduli, madontho ake akupaka ndi polishi wa nsapato. Atamaliza, mnyamata uja anaimirira, anawerama, anagwira ndodo, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita kukhomo akukoka mwendo umodzi. Anatiuza kuti anakhala masabata angapo akuonerera agogo ake mmene amadzukira pamkeka. Apatironi sanamuphunzitse zimenezo. Anangomuuza kuti akayang'anitsitse okalamba. Kunyumba tinkamvera sewero la Kapalepale pa MBC, m'tauni munali gulu la Kwathu lochita zisudzo m'Chichewa, ndipo zonsezi zinkatipatsa mtima woti nkhani zathu zomwe zikhoza kukwera pa siteji.

Ku laibulale ndikupeza ana ochepa ataweramira makope. Fungo la mapepala akale silinasinthe. Pano ndi pamene pankakumana a kalabu ya alembi. Mabuku a Pacesetters ankayenda m'manja mpaka zikuto kutha, ndipo amene wamaliza Things Fall Apart ya Chinua Achebe ankayenda modzimva. A Chichewa nawo analipo: Nthondo ya Samuel Ntara, Kukula ndi Mwambo ya John Gwengwe, Njala Bwana ya Willie Zingani. Magazini ya Moni ikafika tinkailimbirana. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, limene linatuluka mu 1981, linadzachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo mwiniwakeyo anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka mu 1991 osazengedwa mlandu. Tinkadziwa tsono kuti cholembera si choseweretsa.

Ngakhale zinali choncho, tinkalemba. Nkhani, ndakatulo, zotsatira za mpira ndi nthabwala tinkazisonkhanitsa kuti zikhale magazini ya sukulu. Wodziwa taipilaita ankazitaipa pa sitensulo, riboni atachotsa, kuti zilembo ziboole pepala lopyapyala lija. Akalakwitsa chilembo ankapakapo mankhwala ofiira, n'kuuzira mpaka aume, n'kutaipanso. Sitensulo ija inkakulungidwa pa makina a Gestetner, wina akupukusa chogwirira, wina akulandira mapepala, inki yakuda ili m'manja ndi m'makolala. Mkonzi, mwana wa Fomu 3, ankayenera kuuza mnzake wapamtima kuti ndakatulo yake siilowa chifukwa sinapse. Ndi ntchito yovuta kuposa mayeso alionse, ndipo amene anaiphunzira pano sanavutike nayo pa nyuzi zimene zinabuka zambirimbiri ufulu wolankhula utabwera. Pakona ina ya laibulale yomweyi pankakhala a kwizi, akufunsana malikulu a mayiko, mitsinje ndi zaka za nkhondo, maloto awo onse ali pa pulogalamu ya Top of the Class ya pa MBC, pamene dzina la sukulu yako ndi lako lomwe linkamveka mpaka kumudzi kwa agogo.

Ndatuluka panja, kuseri kwa makalasi. Kuchokera pa mishoni pano mapiri a Blantyre amaoneka bwino: Ndirande pafupi, Michiru chakumadzulo, Soche kummwera. A kalabu ya zachilengedwe ankawadziwa mapiri amenewa ndi mapazi. Makalabu otere ankalimbikitsidwa ndi bungwe limene lero timalitcha WESM, limene linayamba mu 1947. Loweruka lina tinkanyamula botolo la Sobo wosungunula ndi zitumbuwa n'kupita ku Michiru, kumene alonda a nkhalango ankatisonyeza mapazi a fisi ndi a gwape, n'kutiphunzitsa kusiyanitsa msuku, mombo, muwanga ndi mlombwa poona khungwa ndi masamba. Aliyense anali ndi kope lolembamo mbalame zimene waona. Tikabwerako tinkasamala nazale yathu, kuthira dothi m'machubu ndi kuthirira mbande m'mawa ndi madzulo, kudikira tsiku lodzala mitengo la pa 21 January.

Nthawi imeneyo phiri la Ndirande linali lobiriwira ndi mitengo ya paini. Lero ukaliyang'ana umaona miyala, minda ndi nyumba zokwera mpaka m'chiuno mwake. Mitengo inatha m'zaka za m'ma 1990. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Zimene alonda a ku Michiru ankatiuza tili ana, zoti mizu ndiyo imagwira phiri, tinaziona zikukwaniritsidwa mwa njira yowawa. Sindikunena kuti kalabu ya ana a sukulu ikanaletsa namondwe. Ndikunena kuti munthu amene anathirirapo mbande miyezi itatu ndi manja ake amaganiza kawiri asanakweze nkhwangwa, ndipo dziko likusowa anthu otero ambiri.

Malo omaliza ndi bwalo la masewero. Fumbi lake ndi lomwe lija. Tsiku limene timu ya sukulu inkakumana ndi anzathu a ku Blantyre Secondary School, ku Chichiri kapena ku Soche Hill, sukulu yonse inkakhamukira kuno. Inali nthawi imene mpira wa dziko lino unali pamwamba. Timu ya Malawi inali itatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi mu 1979, n'kukafika ku mpikisano wa mayiko a mu Africa ku Ivory Coast mu 1984. Mnyamata aliyense wogoletsa ankadzitcha Kinnah Phiri, wotchinga kumbuyo n'kukhala Jack Chamangwana kapena Young Chimodzi. Atsikana a ntchemberembaye anali ndi bwalo lawo chapambali, ndipo akapambana nthungululu zinkamveka mpaka kumsewu. Ochemerera ankapeka nyimbo pomwepo, ng'oma yawo ili chigubu. M'mphepete mwa bwalo munkakhala a kalabu ya Red Cross ndi ndowa ya madzi, mabandeji ndi kabotolo ka ayodini. Wosewera akagwa ankathamanga awiriawiri, ndipo mwa iwo munatuluka anamwino ndi madokotala amene anayamba kuzolowera kuona magazi pa bondo la mnzawo.

Bwalo lomweli linkagwiranso ntchito ina. M'masukulu a sekondale nthawi imeneyo munkakhala alangizi a Malawi Young Pioneers, amene ankaphunzitsa masewero olimbitsa thupi, perete ndi ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Chaka chilichonse kunkakhala Youth Week, pamene ana a sukulu m'dziko lonse ankasiya makope n'kukalambula misewu, kukonza milatho ndi kumangira nyumba okalamba. Pokonzekera chikondwerero cha ufulu cha pa 6 July, masukulu a mumzinda muno ankaphunzira zionetsero zokachita ku Kamuzu Stadium. Zina mwa ntchito zimenezi zinali zothandiza ndithu, ndipo ambiri tinaphunzirako kugwira khasu ndi fosholo limodzi ndi anzathu. Koma panali kusiyana kumene ngakhale mwana ankakumva. Ku perete unkapita chifukwa walamulidwa, ndipo wolankhula anali mmodzi. Ku kalabu unkapita chifukwa wafuna, ndipo mawu ako ankalembedwa m'maminitsi. A Payoniya analandidwa zida ndi asilikali mu December 1993, perete uja n'kuthera pomwepo. Zimene tinaphunzira m'makalabu zilipobe mwa anthu mpaka lero.

Pansi pa mtengo, pafupi ndi bwalo, ndapeza atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi akuyeserera mizere ya sewero, mmodzi akuwerenga pa foni. Andiona ndaima, ndipo mtsikana wina akubwera, manja atagwira kutsogolo. "Tikuthandizeni, agogo?" Ndikumuuza kuti ndinali wa zisudzo pano kalekale. Maso ake akuwala. "Ndiye mutionere, agogo, mutiuze ngati zikumveka." Ndikukhala pa muzu, iwo n'kuyambiranso. Sewero lawo likunena za mtsikana wokakamizidwa kukwatiwa asanamalize sukulu, ndipo mfumu ya m'mudzi akuitchula poyera, wapolisi akumutchula poyera, popanda kubisala kumbuyo kwa Kalulu. Ndikuwauza kuti mnyamatayo akweze mawu ndipo asafulatire oonera. Akuthokoza, akubwereza, ndipo ulendo wachiwiri zikumveka bwino.

Ana awa ali ndi ufulu umene ife tinalibe. Chimene chikuchepa m'masukulu ambiri a dziko lino ndi nthawi ndi anthu owalimbikitsa. Kuyambira pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, chiwerengero cha ofuna malo ku sekondale ndi ku yunivesite chinakwera kwambiri, ndipo mpikisano wa mapointi unakula nawo. Makolo ambiri tsopano amaona ola lililonse losakhala la masamu kapena sayansi ngati lotayika, choncho belu likalira mwana amathamangira ku maphunziro apadera olipira. M'masukulu ena ana amaphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana, moti chipinda chochitiramo dibeti sichipezeka. Aphunzitsi amene kale ankatsalira mpaka madzulo ngati apatironi, lero ali ndi makalasi odzaza ndi mavuto awoawo a zachuma. Zifukwa zonsezi n'zomveka, koma zotsatira zake tikuziona: achinyamata okhoza bwino mayeso amene satha kuima pamsonkhano n'kufotokoza maganizo awo, makomiti a m'midzi ndi m'mipingo osowa wolemba maminitsi, atsogoleri osadziwa kugonja.

M'mera m'poyamba. Kalabu siifuna ndalama zambiri. Yathu ya dibeti inkayenda ndi botolo, supuni ndi bokosi la choko. Ya zisudzo inkayenda ndi khonje ndi phulusa. Chimene imafuna ndi ola limodzi pa sabata limene ahedi alitchinjiriza kuti wina asalilande, mphunzitsi mmodzi wololera kukhala kumbuyo n'kusiya ana ayendetse okha zinthu, ndi kholo losakalipa mwana akafika kunyumba mochedwerapo chifukwa anali ku kwaya. Ife amene tinadutsa m'makalabu amenewa tili ndi ngongole. Mabungwe a ophunzira akale amakonda kusonkha ndalama za penti ndi mpanda, ndipo n'zabwino. Koma loya amene anayambira pa dibeti akhoza kupatula Loweruka limodzi kukaweruza mpikisano pa sukulu ya kwawo, mtolankhani akhoza kukathandiza ana kutulutsa magazini, namwino akhoza kukaphunzitsa a Red Cross kumanga bala. Anthu amene adzayendetse makhonsolo, makhoti ndi Nyumba ya Malamulo zaka 30 zikubwerazi ali mu Fomu 1 lero, ndipo ngati tikufuna kuti adzathe kutsutsana popanda kudana, kusunga ndalama za gulu mokhulupirika ndi kutula pansi udindo nthawi yawo ikakwana, tiwapatse malo oti ayambe kuzichita panopa.